Kwa mwana wanga amene ukunyamuka kupita ku Johannesburg

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa ndikanena pamaso umangoseka kuti amayi ayambanso. Ukawerenge m'basi.

Chilandirireni foni ya azakhali ako ija, tulo sindikutiona. Msuweni wako atamva kachotupa m'bere, m'malo mothamangira kuchipatala anaitanitsa pa Facebook mapiritsi otchedwa vitamini B17 ndi njere za apricot, ati zimapha khansa. Kunayamba mutu, chizungulire, kusanza, kenaka kubanika. Madokotala apeza kuti ndi cyanide. Zakuti B17 ndi vitamini n'zabodza za ochita malonda. Ndi amygdalin, ena amati laetrile, ndipo ikafika m'matumbo imatulutsa poizoni amene amatsekereza thupi kugwiritsa ntchito mpweya umene munthu akupuma. Unamwino ndinapuma, koma izi sindinaiwale: lipoti la mu 1982 linati ku America anayesa mankhwalawa pa odwala khansa 178, palibe anachira, ena anayamba kuonetsa zizindikiro za poizoniyu. Mu 2016 bungwe loona za chakudya ku Ulaya linachenjeza kuti njere zing'onozing'ono zoposa zitatu zikhoza kupitirira muyeso kwa munthu wamkulu. Msuweni wakoyo ankatafuna zodzaza dzanja, n'kumwera vitamini C wambiri amene amangowonjezera ngoziyo.

Pasipoti usamapatse munthu. Kutchalitchi uzipita. Juzi ndakuikira pansi pa chikwama, kumeneko kumazizira.

Poizoni wa cyanide uja ndinamudziwa ndili kamtsikana ku Nkhotakota. Agogo ako ankatikalipira tikangolawa chinangwa chowawa chisanaviikidwe masiku angapo kuti tipange kondowole. Ndi yemweyo. Koma chinangwa chimakuchenjeza ndi kuwawa pakamwa, pomwe piritsi limabwera m'botolo lokongola lolembedwa kuti n'zachilengedwe. Ndipo iwe ndimakudziwa, chilichonse chimene anzako akumwa umafuna kuyesa, mankhwala a kuonda aja, a khungu aja.



Msuweni wako adakali m'chipatala, ndipo chotupa chija chidakalipo, sanachiyeze n'komwe. Chonde mwana wanga, ukamva chachilendo m'thupi pita kuchipatala, ndalama tidzafuna. Usameze kanthu kogula pa foni usanandijambulire botolo lake, ngakhale pakati pa usiku ndidzayankha. Ukadzamva mutu ndi kubanika utamwa zoterezi, usagone kuti zisiya, thamanga ndipo botololo ulitenge. Ndakugwira mwendo, undimvere pa ichi chokha.

Ndine mayi ako