Chimene Mwana Wathu Adabwera Nacho ku Joni

Kwathu kuno ku Chiradzulu, munthu akapha nkhumba, nyama imene imayamba kutha ndi ya mnofu ndi ya mafuta. Ogula amafika m'mamawa ndi mbale zawo, wina naloza mwendo, wina naloza msana, ndipo dzuwa likamafika pamutu, pa thandala pamakhala patatsala nthiti zokha. Anthu amati nthiti ndi mafupa, ndipo n'kutaya ndalama kugula chinthu chimene theka lake udzaponyera galu. Ifenso tidali a maganizo omwewo kwa zaka zambiri. Nthiti tinkazidula mothamanga, n'kuziponya mumphika pamodzi ndi anyezi ndi matimati, ndipo pakudya aliyense ankalimbana ndi fupa lake mwakachetechete, osayembekezapo chabwino chilichonse.

Amene adatisintha maganizo ndi mwana wathu wachiwiri, ndipo adatero pa nthawi imene ife makolo ake tidali tisakumuchitira bwino.

Mnyamatayu adapita ku Joni monga achitira anzake ambiri a m'boma lino, mmene anthu ndi ochuluka koma malo olima ndi ochepa. Ulendo wa ku Joni si wachilendo m'banja mwathu. Agogo ake aamuna adakagwirako ntchito ya m'migodi pa Wenela, boma lisadaletse kulemba anthu m'chaka cha 1974 ndege ija itagwa ku Francistown. Pobwera adatsika ndi njinga, mabulangete ndi sutikesi yolemera yoti anyamata awiri adachita kuthandizana, mudzi wonse ukuona. Chithunzi chimenecho ndicho tidachisunga mumtima pamene tinkaperekeza mdzukulu wawo. Iye ntchito ya mumgodi sadaipeze. Adapeza ya kutsuka mbale m'nyumba yodyeramo ya Atchaina ku Cyrildene, dera la mumzinda wa Johannesburg kumene kuli masitolo ndi malo odyera ambiri a anthu a mtunduwo, ndipo patapita nthawi adamuika pa ntchito yodula nyama ndi kuyang'anira moto.

Chaka cha 2015 ambiri a inu mukuchikumbukira. M'mwezi wa Januwale mvula idagwa masiku otsatizana kufikira madzi adasefukira m'maboma ambiri a m'chigawo cha kumwera. Khoma la khitchini yathu lidagwa, ndipo munda wa kumunsi udakokoloka. Tidadzitonthoza kuti tili ndi mwana ku Joni. Koma m'mwezi wa Epulo kudabuka chipolowe chothamangitsa alendo ku Durban, chidafalikira ku Johannesburg, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mwana wathu adafika pakhomo ndi kachikwama kamodzi, nsapato zili zomwe adavala. Tidayamika Mulungu kuti wabwera wamoyo, ndipo kuyamikako kudali koona. Komabe tivomere pamaso pa makolo anzathu kuti tidakhumudwa, ndipo iye adadziwa. Mawu onyoza sitidalankhule ngakhale amodzi. Tidangokhala chete. Sitidamufunse za ntchito yake, chifukwa m'maganizo mwathu kuphika sikudali chinthu choti mwana wamwamuna awolokere Limpopo kukachiphunzira. Iyenso adasanduka munthu wa mawu ochepa, wodya msanga n'kunyamuka.

M'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Chiradzulu, tidaganiza zopha nkhumba imodzi mwa ziwiri zimene tidali nazo kuti tipeze ndalama ya chimanga. Usiku wa tsiku loti mawa tipha, mnyamatayo adati, "Amayi, nthiti zikatsala mundisiyire ine." Mayi ake adavomera mosaganizira. M'mawa adakwera minibasi ya ku Limbe ndi tindalama take totsala, ndipo masana adabwera ndi jinja, adyo, bwemba ndi botolo la madzi akuda bii lolembedwa kuti soy sauce. Mayi ake atamva mtengo wa botololo adagwira pakamwa. "Iwe, ndalama imeneyi bwenzi utagula sopo! Mafupawa ndi ofunika zonsezi?" Iye adangoyankha kuti, "Dikirani, amayi, mulawe kaye."

Madzi akudawo tidawakayikira poyamba, koma pambuyo pake tidazindikira kuti gwero lake ndi mbewu imene alimi a m'dziko muno amaidziwa bwino. Amawapanga ndi soya wophika ndi tirigu wokazinga, zimene amaziwaza nkhungu ya mtundu wake, n'kuziviika m'madzi a mchere kwa miyezi yambiri kuti zichite thovu monga ichitira thobwa, kenaka n'kufinya. Anthu a ku China, ku Japan ndi ku Korea akhala akuthira madzi amenewa m'ndiwo kwa zaka mazana ambiri, ndipo kwa iwo ndiwo mchere. Kale sadali kuoneka kawirikawiri m'masitolo mwathu, koma kuyambira pamene dziko lathu lidapanga ubale ndi China kumapeto kwa chaka cha 2007, Atchaina adachuluka m'mizinda ndipo katundu wawo adachulukanso. Jinja ndi adyo ndiye tidazizolowera kale kudzera mwa Amwenye a ku Limbe, ngakhale kuti ife jinja tinkamudziwa ngati mankhwala a chifuwa. Bwemba ndi wathu weniweni, wa m'madera otentha monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, umene ana amayamwa panjira. Kuti ungalowe mumphika wa nyama, monga umalowera ku India ndi ku Thailand, sitidali kudziwa.

Tidakhala pa khonde ngati osasamala, koma maso adali pa manja ake. Nthiti sadazikhape ndi chikwanje monga tinkachitira ife. Adazitembenuza, nalowetsa nsonga ya mpeni pansi pa kachikopa kopyapyala ka m'kati, nakasenda konse ndi kansalu, nati kachikopa kameneko ndiko kamatsekereza zokometsera ndiponso kamalimba ngati mphira kakapsa. Kenaka adadula motsata mafupa, nthiti ziwiriziwiri, kotero kuti panalibe tizidutswa ta mafupa tija timene timalasa ana m'kamwa. Jinja wotalika ngati chala chachikulu, adyo mutu umodzi ndi kambuzi awiri adazisinja mu kamtondo. Bwemba wodzaza dzanja adauviika m'madzi ofunda, naufinya ndi kutaya njere. Pa nthiti zokwana makilogalamu awiri adathira masupuni aakulu 8 a madzi akuda aja, ndipo mchere sadathire ngakhale pang'ono. Adati kumene ankagwira ntchito ankathiramonso vinyo wa mpunga, koma botolo lotero iye sadayese n'komwe kulilowetsa m'nyumba ya mkulu wa mpingo, ndiye bwemba adalowa m'malo mwake.

Mkangano udabuka pa shuga. Pamene adatapa masupuni anayi kuti athire, mayi ake adaimirira. "Ayi, mwanawe, shuga ndi wa m'phala ndi mu tiyi. Ndiwo zotsekemera ndani adadyapo? Anthu akamva adzati pakhomo pano tapenga." Iye adafotokoza mwaulemu kuti anthu a ku Guangdong, kumwera kwa China, amaotcha nkhumba ataipaka uchi, ndipo nyamayo amaitcha char siu. Adati zowawasa za bwemba, mchere wa soya, ukali wa tsabola ndi kutsekemera kwa shuga zimagwirana ngati mafuwa, ndipo kuchotsapo chimodzi n'kugwetsa mphika. Mayi ake adayankha kuti mafuwa ndi atatu, si anayi. Aka kadali koyamba kumva awiriwa akuseka pamodzi chibwerere iye. Adagwirizana pa masupuni atatu.

Ku Johannesburg, adatero, nyama inkagona m'zokometserazo usiku wonse mu firiji. Ife firiji tilibe, ndipo nyama yaiwisi ya nkhumba si yoti igone pabwalo, ngakhale nyengo ya chisanu. Chotero adaiviika ola limodzi lokha pamalo ozizira, kenaka adathira zonse mu sefuliya, nawonjezera madzi ongofika pamwamba pa nyama, navundikira. Makala a pa mbaula adawaphimba ndi phulusa kuti moto ukhale wofatsa, madzi azingonyenya osagaduka. Pamenepo ndi pamene tidaona kulakwa kwathu kwa zaka zonse. Nyama ya m'nthiti ili ndi mitsempha yambiri, ndipo moto waukali umaikokera pamodzi n'kuiumitsa, pamene moto wofatsa wa nthawi yaitali umasungunula mitsemphayo n'kuisandutsa msuzi wonona. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthitizo zidakhala pamoto ola limodzi ndi theka, ndipo ana aang'ono adali atayamba kudandaula njala.

Atazivuula, mnofu udali utabwerera pang'ono kusiya nsonga za mafupa poyera, chimene iye adati ndicho chizindikiro. Msuzi wotsala adauwiritsa pa moto waukulu, sefuliya ili yosavundikira, mpaka udalemera ngati uchi. Tsono adayala waya pa mbaula, naika nthitizo, namazipaka msuziwo ndi supuni, kutembenuza, kupakanso, kwa mphindi ngati khumi zokha. Adati shuga sachedwa kupserera, ndipo amene aika nyama yopaka shuga pa makala idakali yaiwisi amadya chinthu chakuda kunja, chofiira m'kati, chowawa ngati nkhuni yonyeka. Fungo limene lidatuluka pamenepo sitidalimvepo pakhomo pathu.

Tidadya ndi nsima ndi mpiru wofutsa wopanda mafuta, ndipo tikulangiza aliyense kuti ndiwo zamasamba za pambali zikhale zosalira zambiri chomwecho, pakuti nthitizo n'zokwanira pa zokha. Anganga ake, amene mano adawathera ndipo nyama adaisiya kale, adagwira fupa ndipo mnofu udachoka wokha. Adadya ziwiri osalankhula, kenaka adati, "Mwamuna wanga, ku Joniko unkadya chonchi tsiku lililonse?" Mnyamatayo adaseka nati ayi, antchito ankadya mpunga ndi zotsala. Ndipo adayamba kusimba. Adatiuza za mkulu wophika amene Chingerezi sankachidziwa, amene ankamuphunzitsa pomugwira dzanja ndi kumulawitsa, za kuimirira kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku, za kachipinda kamene ankagonamo anthu asanu, ndi za masiku amene adabisala osatuluka pomva kuti alendo akusakidwa. Tidakhala mpaka makala adazima. Zonsezi akadatiuza miyezi iwiri m'mbuyomo tikadangomufunsa.

Nkhani ya nkhumba ku Chiradzulu siingathe osatchula anansi. Mudzi wathu ndi wosakanizika, muli Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, ndipo banja limene tagundana nalo malire ndi la Chisilamu. Takhala tikubwerekana sefuliya ndi mbale pa maliro ndi pa ukwati kwa zaka zoposa makumi awiri. Madzulo omwewo mayi a pakhomo pano adamanga waya pa chogwirira cha sefuliya ija, nanena kuti imeneyi siidzatulukanso pakhomo, ndipo m'mawa adakawauza anzawowo kuti adziwe. Chinthu chaching'ono, koma chikhulupiriro cha pakati pa anansi chimakhala pa zinthu zotere. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho mwana wathu adakonza msuzi womwewo pa nthiti za mbuzi imene adazinga bambo a banjalo, mumphika watsopano ndi pa waya watsopano, ndipo tidadyera pamodzi. Mbuzi imafuna nthawi yotalikirapo pamoto, koma msuziwo umaiyenera ndithu. Nkhuku nayo umaiyenera, ndipo abale athu a mpingo wa Seventh Day angathe kuyesa pamenepo.

Kwa amene afuna kuyesa pa nkhumba, tiwonjezere chenjezo limene alangizi a ziweto amabwereza. Nyama imene ili ndi timatuza toyera tonga mpunga m'mnofu kapena pansi pa lilime musaigule ngakhale itatsika mtengo motani, ndipo zokometsera sizipha tizilomboto. Munthu akadya nyama yotere yosapsa amakhala ndi njoka yaitali m'mimba, ndipo mazira a njokayo, akalowa mwa munthu kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi oipa, amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Kuphika nthiti m'madzi musadaziotche kuli ndi ubwino umenewunso, kuti zimapsa mpaka pa fupa. Ndipo kukamveka kuti kwagwa chigodola cha nkhumba, musanyamule nyama kuchoka nayo mudzi wina. Matendawa sagwira anthu, koma makombo a m'mbale mwanu akhoza kutha khola lonse.

Tikadakonda kulemba kuti mwana wathu adakhazikika pakhomo, koma sizidatero. Adayesa kuotcha nthiti pa msika masiku a Loweruka, ndipo anthu adazikonda, koma ambiri ankafuna nthuli ya mtengo womwe adazolowera pa chiwaya, ndipo ndalama ya botolo lija siinkabwerera. Patapita zaka ziwiri adanyamukanso ulendo wa ku Joni. Ulendo uno pomuperekeza tidamufunsa zambiri, ndipo akaimba foni timamufunsa za m'khitchini mwake tisadafike pa nkhani ya ndalama.

Sefuliya ya waya ija ilipobe. Tikapha nkhumba nthiti sitigulitsanso, ndipo ogula ena ayamba kuzifunsa. Amene amaphika tsopano ndi mayi ake, ndi mlongo wake wamng'ono pambali posinja jinja. Pa Khirisimasi yapitayi zidatuluka zowawasa kwambiri, ndipo titamuuza pa foni adafunsa kuti shuga tidathira masupuni angati. Mayi ake adati awiri, ndipo sadalonjeze kuti adzawonjezera.