Kaoneni malowo mvula ili pakati

Aphunzitsi ena amene anagwira ntchito ya boma zaka zoposa 30 anapuma mu 2013 ali mu mzinda wa Tete. Iwo kwawo ndi ku chigwa cha Zambezi, anakula akulankhula Chinyungwe, koma akazi awo ndi a kuno kumapiri, mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Dómue. Anadziwana mu 1979 pamene boma linatumiza aphunzitsiwa ku Angónia akadali mnyamata. Nkhondo itafika povuta mu 1986 anathawira limodzi ku Dedza monga anachitira anthu ambiri a m'malire muno. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, aphunzitsi anabwereranso pa ntchito, koma ulendo uno anawatumiza ku Tete, ndipo anakhalako zaka 20.

Inu amene munafikako ku Tete m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala mukudziwa. Kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu amagona panja, madzi a mu mtsuko amachita ngati awatereka pa moto. Mayi anayamba kudwala matenda a kuthamanga kwa magazi, miyendo n'kumatupa. Ndiyenso malasha a ku Moatize atayamba kukumbidwa mwamphamvu mu 2011, mzinda unadzaza ndi alendo, zinthu pa msika zinakwera, ndipo zinaonekeratu kuti penshoni ya mphunzitsi sidzafika kumapeto a mwezi. Koma kukwera komweko kunawathandiza mbali ina: kanyumba kawo ka ku Matundo, tsidya la mlatho, kanapeza wogula pa mtengo umene sanaulotepo. Ndalamayo inali yokwanira nyumba imodzi basi. Akanalakwitsa malo omangapo, panalibe ina yodzakonzera cholakwacho.

Zopita kumapiri anagwirizana tsiku limodzi. Chovuta chinali chakuti kumapiri kwake kuti, pakuti kumtunda kuno n'kwakukulu, kuyambira ku Macanga mpaka ku Tsangano.

Mayi analibe zambiri. Atsibweni awo anali atalonjeza kale malo ku mudzi, munda ndi dimba lomwe. Aphunzitsi anakana.

"Mayi, ine ndi imvi izi ndikakhale mkamwini? Munda wa apongozi ndinalima kale ndili ndi mphamvu. Inu mutatsogola, abale anu adzandiuza kuti ndipinde mphasa ndizipita, ndipo nyumba ya njerwa sapinda."

"Nanga inu mutatsogola, bambo, ine ndidzatsala ndi yani pakati pa anthu osandidziwa?"

Onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkangano unatenga miyezi. Pomaliza anamvana kuti asapite ku mudzi wa wina aliyense, koma apeze katauni kakang'ono kamene mayi angathe kuchokerako m'mawa kukalira maliro kwawo.

M'mwezi wa Juni aphunzitsi anakwera chapa okha kukaona malo. Ku Furancungo sanachedweko: kuli fodya, kuli mitengo, koma kunawatalikira. Pa Dómue penipeni anati m'pafupi kwambiri ndi apongozi, mbale ya nsima ingathe kufika isanazizire, ndipo milandu nayo ingafike chimodzimodzi. Pa Calómue, pa chipata cholowera ku Dedza, anaona magalimoto akuluakulu ali pa mzere, anyamata osintha makwacha ndi metikali akuthamangira aliyense wotsika, anati apa m'pamalonda, si pogona nkhalamba. Ulongué anaunyoza poyera. Anati Vila Coutinho amene ankamudziwa kale uja anatha, pano ndi Tete wamng'ono, njinga zamoto paliponse, poloti yake yoti nkhuku ikatuluka yalowa kale kwa eni.

Mtima wawo unatsala ku Tsangano. Anafikako m'mawa kuli chisanu choyera pa udzu, mpweya wozizira woti munthu wa ku chigwa amaumwa ngati madzi. Anaona minda ya tirigu, matumba a mbatatesi ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba. Bambo wina anawaonetsa malo aakulu otsetserekera ku kamtsinje, natchula mtengo wochepa kuposa wa kapoloti ka ku Ulongué. Aphunzitsi anatsala pang'ono kupereka chikole tsiku lomwelo. Usiku umenewo sanagone, ankangoyeza m'mutu pomwe khomo lidzayang'ane.

Pobwerera anadzera kwa alamu awo, achimwene a mayi, amene amachita geni ya nyemba. Alamuwo anamvetsera zonse mpaka aphunzitsi atatha, kenaka anafunsa mafunso awiri.

Loyamba linali lakuti malowo ndi a yani. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ya m'dziko muno ndi ya boma, sigulitsidwa. Chimene munthu amapeza ndi ufulu woigwiritsa ntchito, uja amati DUAT, ndipo chogulitsika ndi nyumba kapena mitengo imene ili pamalopo. Aphunzitsi lamuloli ankalidziwa bwino, anali atawerengapo. Chimene anaiwala ndi cha kumudzi: bambo wogulitsayo anaitana ndani? Anyakwawa analipo? Alongo ake anavomera? Munda umene mwamuna akuloza ndi chala nthawi zambiri umakhala wa mbumba, ndipo ana a mlongo wake amene lero ali ku Lilongwe kapena ku Joni adzabwera tsiku lina kudzafunsa kuti nyumba iyi yamera bwanji m'munda mwa agogo athu.

Lachiwiri silinali funso kwenikweni.

"Alamu, malowo mwawaona atasamba ndi kudzola. Juni amakometsa paliponse. Ndalama yanu isungeni, mukaonenso m'Febuluwale, ndipo mudzatenge mlongo wanga."

Aphunzitsi sanakondwe, koma anamvera. Mu Febuluwale 2014 ananyamuka awiri. Pa tala ulendo unayenda bwino. Atangopatukira msewu wa ku Tsangano, umene nthawi imeneyo unali wadothi, zinthu zinasintha. Chapa chinkayenda cham'mbali ngati nkhanu. Pa chitunda china anapeza lole yatitimira mopingasa msewu, ndipo panalibe podutsa. Amuna anatsika, anavula nsapato, anadula nthambi, anakankha, mvula ikuwakhuthukira. Aphunzitsi nawo anakankha mpaka msana unawakumbutsa zaka zawo. Pamene ankadikira, ngolo ya ng'ombe inadutsa m'mphepete mwa munda itanyamula gogo wina wofundidwa bulangete, mdzukulu akumugwirira ambulera, akupita naye ku chipatala. Anafika kukuda, ulendo umene m'Juni unawatengera ola limodzi ndi theka.

Mayi sananene kalikonse tsiku lonselo. Anangotulutsa kabotolo ka mapiritsi awo m'chikwama, nakhuthulira m'dzanja, nawerenga, nabwezera. Aphunzitsi anaona. Pambuyo pake anawerenga okha: mapiritsi ndi a mwezi ndi mwezi, penshoni ndi ya mwezi ndi mwezi ndipo imatengedwa ku banki. Aphunzitsi anzawo amene anacheza nawo kumeneko anati iwo malipiro amakatengera ku Ulongué. Ndondomeko ya boma yoti boma lililonse likhale ndi banki yake inadzayamba mu 2016, nthawi imeneyo kunalibe. Ndiye kuti pa chaka maulendo 12, ndipo anayi kapena asanu mwa amenewo ndi a m'matope ngati awa. Walira mvula walira matope: mvula yobereketsa mbatatesi ija ndi yomweyo inagoneka lole pa chitunda.

Pano a ku Tsangano asakwiye. Kwanu n'kwabwino, ndipo mnyamata wa mphamvu zake wofuna kulima angachite mwanzeru kubwera kumeneko. Obadwira komweko ali ndi ng'ombe, ali ndi adzukulu owathamangira, ali ndi abale tsidya la Biri-Biri ndi ku Ntcheu. Koma awa anali anthu awiri okalamba, ana awo wina ali ku Beira wina ku Maputo. Munthu wotere akadwala usiku, womunyamula ndi msewu basi.

Choncho anabwerera ku Ulongué kuja anakunyoza. Ulendo uno mayi ndiwo anatsogolera, ndipo anakana zogula msanga. Anachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa tauni, kuti aone chaka chathunthu. Za madzi sanafunse mwini nyumba, amene akanati madzi ndi osasowa. Anapita pa chitsime m'mawa ndi ndowa yawo, nafunsa amayi anzawo kuti m'Okutobala amatunga kuti. Anauzidwa zitsime zimene zimaphwa ndi zimene siziphwa, ndipo poloti imene aphunzitsi anaikonda chifukwa ili pamtunda inagwa pa mayeso amenewa. Ulendo wa ku chipatala anauyesa ndi miyendo yawo yotupayo, osati ya aphunzitsi. Popeza Ulongué ndi município kuyambira 2008, mapepala a poloti anakawatsatira kumeneko, ndipo njerwa imodzi sinaumbidwe mpaka atatuluka.

Chaka cha lendicho chinawaonetsanso zimene sanaziganizire. Chisanu chimene aphunzitsi anachiyamikira ali mlendo wa masiku atatu chinawalowa m'mafupa atakhala nacho miyezi itatu. Anakagula jekete ziwiri pa kaunjika n'kumavala zonse pamodzi, mayi akuseka. Nkhuni zinali zodula, chifukwa mitengo kuzungulira tauni inatha kalekale, ndipo mayi anabwerera ku zitsononkho ndi mapesi monga ankachitira ali mtsikana. Chinanso, pa msika aphunzitsi akangotsegula pakamwa, Chinyungwe chinkamveka m'Chichewa chawo, mtengo wa tomato n'kukwera pang'ono. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu, koma palibe ankakhala pansi.

M'mwezi wachisanu, bambo wa nyumba yoyandikana nayo anamwalira. Aphunzitsi anapita madzulo ndi jekete zawo ziwiri zija, nakhala pa moto ndi amuna anzawo mpaka mbandakucha. Anapereka chipepeso monga aliyense. Adzukulu atanyamuka kupita ku manda, iwo anatola khasu n'kutsatira. Anakumba pang'ono chabe, mnyamata wina anawalanda khasulo nati, "Agogo, khalani apo, mwatithandiza." Patapita sabata ziwiri anyakwawa a mudzi wa kuseri kwa tauni anatumiza mwana kudzawaitana. Anati amva kuti aphunzitsi akufuna polima ndiwo, ndipo kumunsi kwa dambo kuli kadimba kogona, mwini wake wavomera kubwereketsa. Anaitana mwiniyo ndi alongo ake awiri, nalankhula onse ali pomwepo.

Nyumba inatha mu 2015, ya zipinda zitatu, poloti yake yaing'ono monga aphunzitsi ankadandaulira. Nkhuku zimalowadi kwa eni, ndipo za eni zimalowa kwawo. Ku mudzi kukagwa maliro mayi amanyamuka m'mawa, akagona usiku umodzi kapena awiri amabwerera. Atsibweni aja anamwalira asanakhululuke kwenikweni kuti malo awo anakanidwa.

Kuseri kwa bafa kuli mitengo itatu ya mapichesi imene aphunzitsi anabwera nayo mbande kuchokera ku Tsangano. Iwiri imabereka. Tsiku la msika, akaona lole ikutsitsa matumba a mbatatesi, amapita kukaima pafupi, manja kumbuyo. Sagula thumba, awiri sangalimalize. Amangofunsa woyendetsa kuti mbatatesiyi yachokera mudzi uti, ndiponso kuti malo otsetserekera ku kamtsinje aja anamangapo munthu kapena ayi.