Ndiwo za Masamba pa Bwacha

Mzinda wa Kabwe, umene kufikira caka ca 1966 unali kuchedwa Broken Hill, unakula cifukwa ca mgodi wa mtovu ndi zinki, ndiponso cifukwa ca njanji imene inafikako m'caka ca 1906. Anthu a mitundu yambiri anadza kudzafuna nchito, ndipo ena a iwo anakhazikika ku Bwacha. Mtundu uliwonse unadza ndi maina ace a ndiwo. Cimene Mcewa acicha nkhwani, mnzace wa Cibemba acicha cibwabwa. Bonongwe amucha bondwe, cigwada acicha katapa, ndipo kholowa amucha kalembula. Maina ngosiyana, koma bvuto la mai wophika ndi limodzi.

Kumudzi mai amathyola ndiwo kuseri kwa nyumba madzi ali kale pamoto. M'tauni mtolo uliwonse ngogula, ndipo ukafota, ndiye kuti ndalama zafota nao pamodzi. Cifukwa cace mai wocenjera amapita ku msika mamawa dzuwa lisanatenthe. Akafika kunyumba satsuka masambawo nthawi yomweyo ai, pakuti tsamba lonyowa libvunda msanga. Amawakulunga m'kansaru kofinya bwino nawaika pamthunzi pafupi ndi mtsuko wa madzi, kapena amabviika mapesi okha m'kambale. Motero afika mawa ali abwino. Tsabola amamtunga pa ulusi nampacika m'khichini.

Koma nzeru yaikuru ndiyo ya mfutso. M'miyezi ya February ndi March, pamene nkhwani, khwanya ndi citambe zacuruka ndipo mtengo wace watsika, mai amagula zambiri. Nkhwani amayamba waisadzula. Tsono amafutsa masambawo m'madzi owira kanthawi kocepa, nawayanika kufikira atauma gwa. Akauma amawamanga m'masamba a msuku, ndiye cikwatu cimeneco, nacipacika pamene pafika utsi kuti tizirombo tisalowemo. Pofika October, dzuwa litaphulika ndipo ndiwo zakwera mtengo, banja lace silisowa cothowera nsima.

Pophika, masamba sasowa madzi ambiri. Nsinjiro zithiridwa pamene masamba afewa, ndipo moto ucepetsedwa kuti zisapserere pansi pa mphika. Cidulo ciri ndi malo ace, makamaka m'therere, koma cikacuruka, kaya ndi ca phulusa kaya ndi soda wa m'sitolo, cimaononga mbali ya zofunika m'thupi zimene ziri m'masambamo.

Pali cinthu cina cimene mai wa ku Kabwe ayenera kucidziwa, cimene agogo ace kumudzi sanali kuciopa. Mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi la mtovu linatsala m'nthaka, makamaka m'madera oyandikana ndi mgodiwo, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo mphepo imaliulutsa. Mtovu suoneka pa tsamba, moto suupha, ndipo ukalowa m'magazi a mwana umaononga nzeru zace. Cotero masamba ayenera kutsukidwa kawiri kapena katatu asanalowe mumphika. Mfutso uyanikidwe pa thandala lalitali, utapfundidwa kansaru koyera, osati pa mphasa pansi. Ndipo wogula asacite manyazi kufunsa kumene ndiwozo zinalimidwa.

Alipo anyamata ndi atsikana ena amene, akatsiriza sukulu ndi kulowa nchito ya muofesi, amayesa kuti mfutso ndi cakudya ca osaphunzira. Oterewa amadya nyama sabata loyamba la mwezi, koma sabata lotsiriza amayenda khomo ndi khomo kukongola. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Munthu amene waphunzira masamu ayenera kukhala woyamba kuwerengera kuti zikwatu ziwiri zopacikidwa m'dzinja zidzampulumutsa ku ngongole m'cirimwe, ndipo akapita kumudzi pa chuthi, akhale pansi pafupi ndi amai ace, aone m'mene amafutsira.