Mitambo ya pa Kokura

Caka ndi caka, mwezi wa Ogasiti ukafika, ndimaima pa mzere wa anthu okalapa pokonzekera cikondwerero ca Kutengedwa kwa Maria Woyera kumwamba. Pa mzerewo maganizo anga amathawira ku ndeke ina ya nkhondo imene sindinaionepo ndi maso.

Dzina lake ndi Bockscar, ndeke ya Amereka ya mtundu wa B-29, yopangidwa ku Nebraska mu 1945. Dzinalo inatengera kwa woiyendetsa wake, Captain Frederick Bock. Koma pa 9 Ogasiti 1945 Bock anasinthana ndeke ndi Major Charles Sweeney, Mkatolika wa ku Massachusetts, wa zaka 25 cabe. Ananyamuka kusanace pa cilumba ca Tinian: amuna 13 ndi bomba limodzi la atomu.

Ulendowo unavuta kuyambira paciyambi. Pampu ina inafa, kotero kuti mafuta a m'thanki yapadera sakanatha kuwagwiritsa nchito. Anatayanso nthawi yaitali akuzungulira pamwamba pa cilumba ca Yakushima, kuyembekezera ndeke inzao imene sinaoneke. Mzinda umene anatumidwako unali Kokura. Anaudutsa katatu, koma mitambo ndi utsi zinauphimba, ndipo lamulo linali lakuti aponye pokhapo ataona pansi ndi maso. Mafuta alikutha, anakhotera ku Nagasaki. Kumenekonso kunali mitambo, kufikira pamene Kermit Beahan, woponya mabomba, amene tsikulo anali kukwanitsa zaka 27, anaona mpata. Inali 11:02 m'mawa.

Apa ndi pamene mtima wanga umaima. Bombalo linaphulika pamwamba pa cigwa ca Urakami, mamita ngati 500 kucokera pa chalichi cacikulu ca Akatolika. Makolo a anthu amenewa anasunga cikhulupiriro mobisa kwa zaka zoposa 200 popanda wansembe, akubatiza ana ao okha, monga timacitira ife akatekista kumidzi yakutali. Mmawa umenewo ansembe awiri anali m'chalichimo ndi Akhristu odzalapa, kukonzekera cikondwerero comweci ca pa 15 Ogasiti. Palibe anatuluka wamoyo. Mwa Akatolika pafupifupi 12,000 a ku Urakami, anafa ngati 8,500.

Bockscar inakatera ku Okinawa injini zitayamba kale kuzima, ndipo amuna onse 13 anapulumuka. Chalichi ca Urakami anacimanganso mu 1959. Ndekeyo, kuyambira 1961, iri m'nyumba yosungiramo ndeke zakale ku Dayton, Ohio.

Nditafotokoza nkhani iyi m'kalasi la katekisimu, mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi Sweeney analapa?" Ndinamuyankha kuti za m'kalapidwe ndi za munthu ndi Mulungu wake. Za poyera ndi izi: kufikira imfa yake mu 2004, Sweeney anali kunena kuti bombalo linathetsa nkhondo ndi kupulumutsa miyoyo yambiri. Sindifulumira kumuweruza, pakuti ine sindinanunkhizepo wonga wa nkhondo. Koma Bambo George Zabelka, wansembe wa asilikali a pa Tinian, anayenda njira ina. Patapita zaka anabvomera poyera kuti analakwa pokhala cete, ndipo anapita ku Japan kukapepesa kwa otsala.

Mtsikanayo sanakhutire. Anafunsanso ngati anthu a ku Kokura ayenera kuthokoza Mulungu cifukwa ca mitambo ija. Belu linalira ndisanapeze mau.