Feteleza wathu akuthawira ku Chiromo

Abale anzanga, chaka ndi chaka timakangana za feteleza, ena kuloza chala boma, ena mavenda. Koma sindinamvepo wandale ali pa nsanja akufunsa kuti thumba lomwe timathira m'munda wa paphiri limathera kuti. Kwathu ku Thyolo yankho tikulidziwa. Limatsika ndi matope, kulowa mu Ruo, mpaka kukagwera mu Shire ku Chiromo.

Ine ndinakulira cha ku Thekerani, komwe polima mwendo wina umakhala kumtunda wina kumunsi. Kumeneko ndinaona kuti mvula ndi imodzi koma mbewu zimailandira mosiyana. M'munda wa tiyi masamba amaphimba nthaka yonse, dontho limafika pansi litatheratu ukali. Koma taonani madzi otuluka m'munda wa chimanga chokhachokha mu Disembala, ofiira ngati thobwa la mawere!

Chifukwa chake n'chapafupi. Mvula yoyamba imapeza chimanga chikadali ngati singano, nthaka ili mbulanda. Tikamapalira ndi kubandira timafewetsanso dothi, madzi n'kungolinyamula ngati ufa. Chinangwa nacho chimachedwa kuyanga, ndipo pokumba timasiya munda uli maenje okhaokha. Fodya ndiye osanena, safuna udzu ngakhale umodzi pambali pake.

Mayi anga sanapite kusukulu ya zaulimi, koma munda wawo unali wosakaniza: chimanga, nandolo, khobwe, maungu, kwinaku mbatata ikuyala kholowa. Pofika Januwale dothi silinkaoneka n'komwe. M'makwawa munali nthochi zomwe mizu yake inkagwira nthaka ngati ukonde. Matenda a chisaka atatha nthochi zija, anthu anazula n'kudzalamo chimanga. Lero pena pomwe tinkadula mikoko pali zigwembe zoti mbuzi ikagweramo muiwale.

Tinene chilungamo, nkhani ya mizere inaipa mbiri. M'zaka za m'ma 1950 atsamunda ankakakamiza malimidwe ndi chindapusa komanso ndende, makolo athu n'kudana nazo. Matipate atabwera mu 1994, ena anamva ngati ufulu ndiwo kulima mpaka pansonga pa phiri. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo safunsa kuti uli chipani chanji. Napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023 anationetsa zomwe phiri limachita likakhuta madzi. Nandolo sangaimitse namondwe, inde, koma mvula wamba ya chaka ndi chaka, yomwe imaba nthaka mwakachetechete, imeneyo ndiye angathe.

Tsono inu a kumapiri, nsima sitisiya ayi, koma chimanga chisamagone chokha m'munda. Mizere idutse mopingasa phiri, pa akalozera pakhale udzu wa vetiva, ndipo potsetsereka kwambiri tisiyire mitengo. Makuponi amabwera ndi kupita ndi maboma, koma dothi likapita ku Chiromo palibe phungu amene angakalitenge.