Makina amene satsutsa Chinyanja changa

Aliyense amene analembapo Chinyanja pa foni adziwa nkhondo yake. Ulemba dzina la munthu, foni iti walakwa, ikuikira liwu la Chizungu. Pa kompyuta ndiye tsamba lonse limadzaza mizere yofiira. Pa WhatsApp timangoseka, koma pa wailesi ya kuno kumudzi, kumene ndimathandiza mosalipidwa, si zoseketsa ayi. Pa uthenga wa maliro, Mwanza akasanduka Mwansa, banja lina liyamba kulira pomwe eni maliro sanamve kanthu.

N'chifukwa chake mauthenga otere ndimawalemba pa tayipilaita ya malaiti. Ndili nazo zitatu kuno ku Vubwi, ndipo anzanga a ku Lusaka amandiseka kuti ndasanduka sekeletale wa nthawi ya a Kaunda.

Yaikulu ndi IBM Selectric. Ndinaigula kwa amayi ena amene anapuma nchito ya usekeletale ku Chipata. Anali ataiphimba ndi chitenje kwa zaka zambiri, ndipo asanandipatse anati, "Mwanawanga, tayipa ndione zala zako." Makina a mtundu uwu anatuluka mu 1961. Alibe timikono tachitsulo timene timakolana ukafulumira. Ali ndi kampira kokhala ndi zilembo 88, kamene kamazungulira, kupendekeka, n'kumenya pepala. Pepala silisuntha chammbali, kampirako ndiko kamayenda. Ukafuna zilembo za maonekedwe ena, uchotsa kampira aka n'kuikapo kena. Zina ziwiri ndi za Brother, zopepuka, zimene zilembo zake zili pa kagudumu ka pulasitiki konga duwa.

Kuzisunga kuli ndi mtengo wake. Riboni siipezeka kuno. Ndimatuma munthu wopita ku Lusaka kuti ayende m'masitolo a zolembera, ndipo nthawi zina amabwera chimanjamanja. Fumbi la mu Okutobala limaumitsa mafuta m'kati. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo dziko lonse likukhala mumdima maola ambiri pa tsiku, ndinaphunzira kugwiritsa nchito batire ya sola ndi inveta. IBM imadya moto kwambiri chifukwa mota yake imalira nthawi yonse, ungakhale sukutayipa. Brother imadikira mwakachetechete, choncho masiku ovuta ndiyo imagwira nchito.

Chimene ndimapeza pa makinawa n'chakuti amalemba chimene chala chagunda, basi. Satsutsa "ng'ombe", sadabwa ndi "Pembamoyo". Ndipo popeza kufufuta n'kovuta, umayamba wafunsa. Wobweretsa uthenga ndimamukhazika pansi: "Atate, dzinali mulitchulenso pang'onopang'ono. Mudzi ndi uti? Mwambo ndi mawa kapena mkuja?" Kenako ndiye nditayipa. Pepala likalowa mu situdiyo, wowerenga wina aliyense amaliwerenga bwino. Silizima batire, sililira pakati pa pulogalamu, ndipo mawa wina akabwera kudzatsutsa, tilitulutsa mu faelo.

Inu a m'tauni, tulutsani NRC yobiriwira ya amayi anu muyang'ane bwino zilembo. Dzina lawo, mudzi wawo ndi mfumu yawo zinamenyedwa ndi tayipilaita, ndi munthu amene anafunsa asanagunde. Mayeso a kusukulu nawo ankatayipidwa pa sitensulo asanapukusidwe kukhala mapepala ambiri. Mbiri ya mabanja athu ambiri inadutsa pa makina otere.

Mu 2012, chaka chimene Vubwi inachoka pansi pa Chadiza n'kukhala boma payokha, kampani ya Brother inapanga tayipilaita yake yomaliza ya ku Britain, mu tauni ya Wrexham. Maofesi atsopano anayamba ndi makompyuta, ndipo makina akale anapita m'zipinda zosungiramo katundu, ena kwa ogula zitsulo, amene amayeza pa sikelo osafunsa chimene chinthucho chinkachita.

Foni ndili nayo ndipo ndimaikonda. Koma mukapeza tayipilaita pansi pa bedi la agogo kapena kuseri kwa kabati ku ofesi, musathamangire nayo ku sikelo. Ipukuteni, mulowetse pepala, mulembe dzina lanu lonse pamodzi ndi la mudzi wa kwanu. Lidzatuluka monga mmene agogo anu amalitchulira.