Sopo, nsatsi ndi malambe: ntchito yanga pa Manjawira

Ntchito yanga ndi yopanga sopo ndi mafuta odzola. Ndimapangira pakhonde la kuseri kwa nyumba, n'kumagulitsa pa Manjawira pompano m'mbali mwa msewu wa M1, kwa anthu a m'midzi yathu ino ndi kwa apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre galimoto zikaima. Ambiri amayesa kuti wopanga sopo amakondwa munthu akamasamba kanayi patsiku. Ine ayi. Amene amabwera kudzandidandaulira za khungu kawirikawiri si osasamba. Ndi osamba mopitiriza muyeso, ndi sopo wolakwika, omwe akamaliza amadzola chinthu chosayenera khungu lawo.

Sopo ndi mafuta osakaniza ndi kositiki soda, basi. Kositiki ndimasungunula m'madzi ozizira m'ndowa yolimba ya pulasitiki, nditavala magolovesi, ana ndi nkhuku nditathamangitsira kutali. Kositikiyo ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi pa kositiki, chifukwa amatentha nthawi yomweyo ndipo angathe kukufalikira m'maso. Poto wa aluminiyamu sayandikira, amadyeka. Madziwo akazizira ndimawathira m'mafuta pang'onopang'ono, n'kumatakasa mpaka mthiko utayamba kusiya mzere pamwamba. Apo ndiye ndimakhuthulira m'chikombole chathabwa, akalimba n'kudula ndi waya. Akatero amakhala pamthunzi masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Wogulitsa sopo wa dzana akukugulitsani moto.

Chida chenicheni pa ntchitoyi ndi sikelo. Mafuta a mtundu uliwonse ali ndi mlingo wake wa kositiki: kilogalamu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imafuna magalamu pafupifupi 135, ya mawese a ku Karonga pafupifupi 140, ya kokonati kupitirira 180. Woyeza ndi kapu kapena ndi maso amatulutsa sopo woluma, uja mukasamba khungu limakokana n'kuyamba kuyabwa musanavale n'komwe. Ine ndimachepetsa kositiki dala, magawo 5 pa 100 alionse, kuti m'sopomo mutsale mafuta pang'ono. Mumatsalanso gilisalini, amene amabadwa yekha mafuta akakumana ndi kositiki. Mafakitale ambiri amamuchotsa n'kukamugulitsa payekha m'timabotolo. Wa m'ndowa yanga amakhala momwemo.

Komabe sindinganame kuti sopo wanga ndi bwenzi la khungu pa zonse. Pali muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kulekezera pa 14. Madzi abwino ali pa 7. Chotsikirapo n'chowawasa, monga mandimu amene ali cha pa 2, ndipo chokwererapo ndi cha mtundu wa chidulo ndi soda. Khungu la munthu limakhala cha pa 5, pomwe sopo aliyense wa kositiki, wanga yemwe, amakhala pakati pa 9 ndi 10. Mukasamba, khungu limatenga maola angapo kuti libwerere pamalo pake. Mukasambanso lisanabwerere, tsiku lonse limakhala lili pamalo osakhala ake.

Amene anandimasulira chifukwa chake zimenezi zili nkhani ndi mng'ono wanga, yemwe ndi namwino. Pakhungu la munthu wathanzi, wosamba bwinobwino, pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso miyandamiyanda, ndipo tambiri ndi teniteni ta pakhomo. Kena, kotchedwa Staphylococcus epidermidis, kamakhala pafupifupi thupi lonse ndipo kamatulutsa zinthu zolepheretsa tizilombo toipa kukhazikika. Kena, Cutibacterium acnes, kamakhala m'timabowo momwe mumatulukira mafuta a khungu, kamadya mafutawo n'kusiya kuwawasa kuja kwa pa 5. Palinso Malassezia, wa mtundu wa yisiti, wokonda m'mutu, pachifuwa ndi pamsana. Tsono kali ndi mbale wake ka epidermidis kaja, Staphylococcus aureus, kobweretsa zithupsa ndi zilonda za mafinya, ndipo iko kamasangalala pakhungu long'aluka lomwe kuwawasa kwake kwatha. Mlimi aliyense akudziwa kuti munda ukaulambula osadzalamo kanthu, choyamba kumera ndi chisoso. Khungu lokhulidwa mpaka kuyera mbee limakhala lotero.

N'chifukwa chake sopo wolembedwa kuti ndi wopha tizilombo sandichititsa nsanje. Mu 2016 bungwe la FDA la ku America linaletsa triclosan ndi mankhwala ena 18 m'sopo wosambira wa tsiku ndi tsiku, chifukwa opanga analephera kusonyeza kuti amateteza kuposa sopo wamba ndi madzi. Pano pokha mundimvetse. Sindikunena za m'manja. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'manja sambani ndi sopo pochoka kuchimbudzi, musanaphike, musanadye, ngakhale kakhumi patsiku; zikauma mudzadzola. Ndikunena za nkhope, miyendo ndi thupi la mwana.

Malonda anga amayenda kwambiri mwera ukayamba kuwomba mu Juni ndi Julayi, mpaka fumbi la mu Okutobala. Kuno kumauma, ndipo anthu amatuwa. Miyendo yakumunsi ndi zigongono zili ndi mafuta achilengedwe ochepa, kupazi ndi m'zikhatho kulibiretu, ndiye n'kumene kumayambira kutuwa ndi ming'alu. Kutuwa si litsiro. Ndi khungu lakunja lomwe madzi athawamo. Koma munthu akaona mbuu amatenga chinkhupule, sopo wochapira ndi madzi otentha, amakwecha mwendo pamwala mpaka kufiira, n'kuchotsa kamafuta kochepa komwe kanatsala. Madzi a m'mijigo ina ya kuno amawonjezera vuto: ndi amchere, sopo sachita thovu, munthu amapaka wambiri, ndipo zoyera zija zimatsalira m'beseni zimatsaliranso pathupi.

Khungu louma limafuna madzi, kenaka chotsekera madziwo. Gilisalini amakoka madzi n'kuwagwira, koma yekhayekha amanata. Amafunika kusakaniza ndi madzi kapena loshoni. Chotsekera chopambana zonse ndi vaselini. Monga wogulitsa mafuta a mitengo ndinayenera kumunyoza, koma sindingathe. Chiyambire pamene Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872, palibe mafuta a mtengo amene amatseka madzi m'khungu kumuposa, ndiponso tizilombo sitimudya. Cholakwika ndi nthawi yodzolera. Mukadzola pakhungu louma kale mumangong'azima, mkati muli gwa. Dzolani mutangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu.

Changa chomwe ndimanyadira ndi mafuta a m'kachitini osakaniza malambe, nsatsi pang'ono ndi phula la njuchi. Kuyenga nsatsi ndinaphunzira kwa agogo anga, omwe sanagulepo loshoni moyo wawo wonse koma miyendo inali see. Nsatsi zimakazingidwa, zimasinjidwa mumtondo wakewake, n'kuwiritsidwa m'madzi mpaka mafuta atayandama, ndiye mumawawengula n'kuwaphitsanso kuti madzi otsala athe. Njere zake ndi poizoni. Zotsalira ndimakwirira kutali ndi mbuzi ndi ana, ndipo mtondowo sulawa chimanga. Mafuta a nsatsi ndi olemera, onanda, abwino ku zidendene ndi m'zigongono, ndipo m'sopo amakometsa thovu. Kumaso kwa wachinyamata sindiwalola.

Malambe ndi nkhani ina. Kale ufa wake ukatha kupangira mafilizesi ndi phala, njere zinkangotayidwa kudzala. Ndi zolimba kwambiri, mtondo sungathe, zimafuna makina ofinyira, ndipo thumba lathunthu limatulutsa mafuta ochepa zedi. Kuyambira pamene mayiko a ku Ulaya analoleza ufa wa malambe kugulitsidwa ngati chakudya mu 2008, chipatsochi chinapeza ogula akutali, ndipo sichitolekanso mwaulere monga kale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kositiki ndi mabotolo zinakweranso, ndiye musadabwe kabotolo kakang'ono kakamadula. Ubwino wa mafutawa ndi wakuti ndi opepuka, amalowa msanga osasiya kunata, ndipo ali ndi linoleic acid wambiri ndithu, mtundu wa mafuta umene khungu limamangira mpanda wake wosunga madzi. Ndi odzola, si ophikira.

Linoleic yemweyo ndi amene amachititsa kuti mayi wa khanda ndimulozere mafuta a mpendadzuwa, otchipa, opanda fungo lowonjezera. Kafukufuku wa pa chipatala cha ana ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, wofalitsidwa mu 2005, anapeza kuti makanda obadwa masiku asanakwane omwe ankadzozedwa mafutawa ankadwala matenda a m'magazi mocheperapo kuposa osadzozedwa. Kwinaku ofufuza a ku Sheffield ku England anapeza mu 2013 kuti mafuta a olivi, odula aja anthu amawatama, amafooketsa mpanda wa khungu. Mtengo wa botolo sukuuzani kanthu. Mafuta onunkhiritsa ndiwo sindiika n'komwe mu zodzola za ana, chifukwa ndi amene amayambitsa nsungu ndi kuyabwa kawirikawiri.

Amene amandimvetsa chisoni ndi a nkhope zamafuta. Amafika mtsikana wa ku sekondale, ziphuphu zili mbwee, masaya akusupuka.

"Amayi, muli ndi sopo woumitsa nkhope?"

"Mwanawe, pano ukusambira chiyani?"

Yankho ndimalidziwa kale: sopo wochapira katatu kapena kanayi patsiku, usiku mandimu, pachiphuphu chachikulu mankhwala otsukira mano. Mafuta a kumaso amachokera mkati, m'tizigawo tomwe timadzuka munthu akamatha msinkhu, ndipo sopo safikako. Amangowotcha pamwamba, mafuta n'kumatulukabe, nkhope n'kukhala youma ndi yonyezimira nthawi imodzi. Mandimu akakumana ndi dzuwa la kuno amasiya zipsera zakuda zomwe zimatenga miyezi. Cutibacterium uja si mdani wobwera. Aliyense ali naye. Amavuta kabowo kakatsekeka, mafuta n'kudzazana mkati. Tsono ndimamuuza kuti asambe kumaso kawiri kokha, ndi manja, madzi ofunda pang'ono, asafinye, asadzole kokonati kapena nsatsi, ndipo ngati pakuuma adontheze malambe pang'ono chabe. Ziphuphu zikakhala zazikulu, zowawa, zosiya mabala, ndimamutumiza kuchipatala. Kuli mankhwala monga benzoyl peroxide omwe ndowa yanga singapange.

Pa mfundu ndiye ndimadzidulira ndekha msika. Mayi akaona mwana akukanda m'mutu, zoyera zikugwera pamapewa, amati m'mutu mwauma, n'kudzagula mafuta. Koma mfundu kawirikawiri ndi ntchito ya Malassezia, yemwe satha kupanga mafuta akeake, amadya opeza. Akatswiri akafuna kumuweta mu labotale amamuthirira mafuta a olivi. Kuthira mafuta a mbewu m'mutu wa mfundu ndi kumupakulira chakudya. Chimodzimodzi mawanga otuwa aja amatuluka pachifuwa ndi pamsana nyengo ya thukuta. Ndimawauza kuti akagule shampu ya ketoconazole ku famase, mafuta anga adzole kutsitsi lokha, osati pakhungu la m'mutu. Ena amachoka atakhumudwa, poti anabwera ndi ndalama m'manja.

Pali pempho limodzi lomwe ndimakana ngakhale munthu atandiwonjezera ndalama. Amabwera mayi ndi kachubu m'chikwama, n'kunong'ona kuti, "Asisi, mundisakanizireko m'mafuta anu aja kuti ndiwale." Ndikawerenga pa chubupo ndimapeza clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu omwe dokotala amapereka kwa masiku owerengeka pa matenda a khungu. Amayeretsadi, mwachangu. Koma amagonetsanso chitetezo cha khungu, ndiye tizilombo tomwe tinkakhala mwamtendere timasanduka zilombo: chipere chimafalikira mpaka m'khosi, ziphuphu zimatuluka zofanana nkhope yonse, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, m'mikono n'kung'ambika mizere yosatha. Mafuta ena oyeretsa ali ndi hydroquinone, amene ukamudzola zaka amadetsa masaya kuposa poyamba, mdima wake wosachokanso. Ena ali ndi mercury, wowononga impso, wofika ndi kwa mwana wa m'mimba. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, koma machubu ndi timabotolo tosalembedwa bwino tikupezekabe pa mabenchi a m'misika yathu, pafupi ndi ndolo ndi zipeso.

Amayi anzanga, musanadzole chinthu tembenuzani botolo muwerenge zomwe zalembedwa kumbuyo, ndipo ngati simutha, mupatseni mwana wa sukulu akuwerengereni. Botolo losanena zomwe lili nazo lisiyeni pa benchi pomwepo, likhale la m'shopu yaikulu kapena la ife opanga pamanja. Ifenso mutifunse zomwe taikamo, ndipo wokana kuyankha musamugule. Ngati munayamba kale machubu aja, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa nkhope imatupa n'kuyaka. Pitani kuchipatala, mutenge chubucho, mukamuonetse dokotala.